Nthiti za apongozi anga

Abale ndi alongo mwa Khristu, mtendere ukhale nanu. Ndine Agnesi, namwino wa ku Chimwemwe. Ndinatsala pang'ono kulandidwa chiphaso cha ntchito chifukwa cha nthiti za apongozi anga aamuna.

Tinali pamaliro ku Garneton, amuna panja, ife akazi m'nyumba. Mwadzidzidzi kunamveka phokoso lakuti aPhiri, bambo a amuna anga, agwa. Nditatuluka ndinapeza anthu akuwakupiza ndi zipewa, wina akuwathira madzi kumaso. Sankapuma, mtima unali utaima. Kwathu mkazi sakhudza apongozi ake aamuna, ndipo chikwatiwire ndinkalankhula nawo nditagwada, nkhope pansi. Tsikulo ndinawang'ambira malaya n'kuyamba kupsinja pachifuwa ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva nthiti zikuthyoka, koma sindinaleke mpaka anayambanso kupuma.

Alamu anga aBeatrice, mwana wamkulu wa aPhiri, anandikalipira pomwepo. "Mulamu, mwakwela pa batate pamenso pa bantu, mwabatyola!"

Bambo awo adakali chikomokere m'chipatala, iwo anakandisumira ku bungwe loona za anamwino. Akuti ndinagwira wodwala kunja kwa ntchito, osapempha abale, n'kumuvulaza chifukwa chosasamala. Ndinaimitsidwa ntchito podikira mlandu.

Abale, zinandinyansa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka malovu amawawa. Anthu omwewo amene amagogoda pakhomo panga kuti ndiwayeze BP, amene amandivulira zovala kundionetsa zotupa popanda manyazi, tsopano anasanduka akatswiri a mwambo. Akanakonda kuika maliro achiwiri bola ulemu usungike. Amuna anga nawo, ofooka ngati kholowa, ankangoti ndi za pabanja, zitha zokha. Ndinalira kutchalitchi n'kuuza Mulungu kuti ndikadzaonanso munthu atagwa, ndidzangodutsa.

Tsiku la mlandu dokotala anafotokoza kuti nthiti zimathyoka kawirikawiri podzutsa mtima, makamaka kwa okalamba. Wapampando anati namwino wothandiza pangozi ndi mtima wabwino, motsata zimene anaphunzira, sawerengedwa kuti ndi wosasamala. Koma aBeatrice anaumirira kuti sindinapemphe chilolezo, ndipo ndinaona ena a bungwe akunong'onezana.

Kenaka chitseko chinatseguka, analowa aPhiri akuyenda ndi ndodo. Anali atatuluka m'chipatala, koma ana awo anawabisira za mlanduwo. Anamva kwa mnzawo wa kumphakati amene anapita kukawapempherera. Anapempha kulankhula, ndipo anawalola.

"Mukwai, akuluakulu, anafunika kupempha kwa ndani? Mwine wa chifuba ndine, ndipo n'nali n'tafa. Bana banga benze kunikupiza chabe na visote."

Atatero anabwera pamene ndinakhala, natambasula dzanja. Ndinafuna kugwada, iwo anakana. Ndinagwira dzanja la apongozi anga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona m'maso. Bungwe linathetsa mlandu, ndinabwerera kuntchito.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadzutsa mboni yanga ndi manja anga omwe. Anamwino anzanga, musapinde manja poopa milandu. Chitani zimene munaphunzira, mosamala, ndipo musaleke kupemphera. Mawu aja akuti ndidzangodutsa ndinawabweza.

Mwezi watha aBeatrice anagogoda pakhomo panga, mutu ukuwawawa, maso ali pansi. Mtima unandiwawa, sindinama. Ndinawapatsa mpando, n'kuwauza kuti apinde malaya ndiwayeze.