Atelala ndi Mapiritsi a Mabatani

Amene agona patsogolo pathu pano ndi achimwene anga, omwe nonse munkangowatchula kuti Atelala. Anabadwa m'chaka cha 1987, m'nyumba ya kuseri kwa msika, ndipo anali oyamba kubadwa mwa ife anayi.

Sukulu anailekera panjira bambo athu atamwalira. Anaphunzira zosoka, n'kuika makina pakhonde la sitolo, ndipo enafe sukulu tinaimaliza ndi thukuta lawo. Anakwatira m'chaka cha 2016, Mulungu n'kuwapatsa mwana mmodzi wamkazi, amene ankamutcha Kabatani. Kutchalitchi ankaimba kwaya. Mawu analibe, tisaname pamaliro, koma sankajomba.

Malemuwa anali munthu wamanyazi, koma akakhala ndi mwana wawo manyazi ankathawa. Ambiri munawapezapo akukwawa pansi pa tebulo lodulira nsalu, mwana ali pamsana, atawakola tepi yoyezera m'khosi ngati bulu. Makasitomala ankadikira. Zidutswa za nsalu ankasokera madiresi a zidole, ndipo chidole chilichonse ankayamba achiyeza kaye ngati munthu.

Matenda a impso atawagwira chaka chatha, mphamvu zokwawira zinatha. Posafuna kuti mwana achite mantha, anamupatsa udokotala. M'mawa uliwonse, asanapite kusukulu ya mkaka, Kabatani ankabwera ndi mabatani pasupuni. Iwo ankayerekeza kumeza, n'kuwabisa kunsi kwa pilo, n'kunena kuti, "Adokotala, taonani, ndachira!" Ankadzikakamiza kukhala tsonga mpaka mwanayo atatuluka.

Sabata yatha anawagoneka m'chipatala, m'chipinda chimene ana saloledwa kulowa. Anatisiya Lachiwiri masana. Chomwe chikutiwawa kwambiri n'chakuti chiyambire tsiku limenelo mwanayu akukana kudya. Akuuza mayi ake kuti, "Ababa afa chifukwa sindinawamwetse mankhwala."

Choncho ndikunena pano nonse mukumva, kuti akamakula muzimukumbutsa. Mwana wanga, sunalakwe. Madokotala akuluakulu anayesetsa, zinakanika. Mankhwala ako okha ndi amene ankawadzutsa bambo ako pabedi akuseka. Inunso abale, mukamuona akusewera, musamukalipire kuti ali pamaliro. Khalani pansi, musewere naye.

Malemuwa asiya mkazi, mwana mmodzi, mayi athu, alongo awiri ndi ine mng'ono wawo. Achimwene, mwana tamulandira. Pumulani mu mtendere.