Mkokomo Afuna Chifuwa Chake

Mkokomo, woyimba wamkulu wa gulu lina lovutika la m'tauni, analowa m'chipinda cha dokotala atavala jekete lachikopa, matcheni ali lendelende m'chiuno, tsitsi litafika m'mapewa. Dokotalayo, mayi wamagalasi amene anamupatsa mankhwala a chifuwa sabata yapitayo, anamulozera mpando.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Chifuwa chija chili bwanji?"

"Chapita," anatero Mkokomo, ndi mawu osalala ngati a mwana wa kwaya.

"Tithokoze."

"Tithokoze chiyani? Ndabwera kudzachitenga."

Dokotala anatsitsa magalasi pang'ono. "Kudzatenga chiyani?"

"Chifuwa changa. Munachichotsa ndinu, muchibweze ndinu."

"Bambo, zifuwa za anthu sitisunga pano."

"Ndiye mawu anga mwawatani? Tamverani izi."

Anaimirira, natangadza miyendo, naika chibakera pakamwa ngati maikolofoni, nakoka mpweya mpaka matcheni kulira. Chomwe chinatuluka chinali kanyimbo kozuna, kotsetsereka bwino, koti khanda n'kugona nako.

"Aa, koma mumaimba bwino," anatero dokotala.

"Mukunditukwana tsopano."

"Ayi, ndikuyamikira. M'mapapo muli mbee. Mpweya ukuyenda ngati pamsewu watsopano."

"Adokotala, ife timaimba hevi meto. Chitsulo cholemera."

Dokotala anadzuka msanga. "Mukanayamba ndi zimenezo. Mwanyamula liti chitsulocho? Msana ukupweteka mbali iti?"

"Sitinyamula. Timaimba."

"Chitsulo chimaimbidwa?"

"Ndi dzina chabe la nyimbozo. Gulu lathu ndi Mano a Dzimbiri."

"Za mano ndi khomo lachitatu kumanzere."

Mkokomo anagwira mutu ndi manja onse, mphete zake zachigaza zikugundana. "Tandimvetsani, mayi. Mawu anga ankamveka ngati chigayo chameza mwala. Ndikabangula m'galaja momwe timaphunzirira, malata ankanjenjemera, agalu a mzere wonse ankandiyankha."

"Amenewo anali makhololo."

"Imeneyo inali mphatso."

"Mphatsoyo inali yobiriwira, bambo. Ndinaiona ndi maso angawa."

"Mtundu wake si nkhani. Nkhani ndi yakuti mawa kukubwera anthu opanga filimu. Akufuna gulu loti likasewere ngati oyimba ovutika ofuna kutchuka."

"Ndiye mukayerekeze kuvutika?"

"Ife sitiyerekeza. Pa dansi yathu yomaliza panabwera anthu awiri: amayi ake a mnzathu wa ng'oma, ndi bambo wina amene anabwera kudzazimitsa magetsi."

"Filimu yachisoni imeneyo."

"Iwo akuti yoseketsa. Ife tikaimba mwaulemu wake, kuseka n'kwawo. Koma ndikaimba ndi timawu iti, akanditumiza ku ukwati ndikaperekeze mkwatibwi."

Dokotala anakhala pansi, napinda manja. "Ine ndimaona ngati woyimba amasangalala anthu akamamva zomwe akunena."

"Vuto ndi limenelotu." Mkokomo anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Dzulo anzanga amva koyamba."

"Amva chiyani?"

"Mawu a nyimbo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ndimaimba za imfa, za mdima, za moto wosazima. Wa gitala mpaka anadzilemba chigaza pamkono chifukwa cha nyimbo yathu yoyamba."

"Nanga mumaimba za chiyani?"

"Za rimoti."

"Rimoti ya wailesi yakanema?"

"Imasowasowa kwathu. Ndimangofunsa kuti waibisa ndani. Nyimbo zonse."

"Munayang'ana kuseri kwa makushoni?"

"Sindinabwerere rimoti, adokotala."

"Nthawi zambiri imakhala kumeneko."

"Wa gitala sakundiyankhula. Wa ng'oma akuti abwerera kukamata matayala kwa amalume ake. Ndilembereni mankhwala obweza."

"Kulibe mankhwala otero."

"Jakisoni wa chimfine ndiye."

"Alipo, koma ndi woteteza."

"Mubaye chotembenuza."

"Singano ili ndi mbali imodzi yokha yobayira, bambo."

Mkokomo anayendayenda m'chipindamo, nsapato zake zazikulu zikuchita gu, gu. "Ndayesa ndekha, musaone ngati ndine waulesi. Ndamwa madzi a m'firiji m'mawa kusanache. Ndagona tsitsi lili lonyowa, fani ili kumaso. Mvula ya dzana ndinaima pabwalo opanda malaya mpaka aneba anandibweretsera ambulera."

"Zotsatira zake?"

"Ndadzuka ndi mphamvu kuposa kale."

"Mankhwala aja munawamaliza onse, eti?"

"Mkazi wanga ankaima pomwepo mpaka nditameza. Kenako ankati ndiyasamule aone."

"Akazi anu ndi munthu wanzeru. Muwapatse moni."

"Anzeru omwewo akuti ndikalephera mawa, andimeta ndili m'tulo. Lumo agula kale. Ali nalo pansi pa pilo." Anaima mwadzidzidzi, nkhope itawala. "Pabenchi panjapo pali agogo ena akutsokomola bwino kwambiri. Chifuwa chakupsa, chamafuta. Mundilole ndikhale nawo pafupi, tibwerekane mpango."

"Amene aja si odwala. Ndi alonda athu. Amatero akafuna kuti anthu asunthe."

"Wodi ya achifuwa ili kuti?"

"Simungalowemo. Ndinu wabwinobwino."

"Ndiye mundigoneke monga munthu amene wadwala kuchira."

"Matenda amenewo sitinaphunzire."

Munthu wina anagogoda pachitseko. Kunja kunamveka mwana akulira, ndi mayi akudandaula kuti mzere sukuyenda. Dokotala anatsegula dzanja kuloza kukhomo.

"Bambo, anthu akudikira. Pitani mukapume, muzimwa madzi ofunda."

"Ofunda? Mukufuna kundimaliziratu?"

"Mawu anu akhala bwino koposa."

"Ndiye sindichoka." Mkokomo anakwera pabedi lopimira odwala, nayamba kumasula zingwe za nsapato. "Munandipeza ndi chifuwa, mundisiye ndi chifuwa. Ngakhale makaniko akakusinthira chitsulo amakubwezera chakale."

"Tsikani pabedipo, chonde."

"Pepala loyalali n'lozizira bwino. Mwina chiyambira pompano."

"Bambo, valani nsapato."

"Tatsegulaniko windo, mphepo izindiwomba pakhosi."

"Ndikupemphani mwaulemu."

"Kachitsulo kanu kopimira kaja, mukaike kaye m'firiji."

Kugogoda kunakula. Mwana uja anakweza kulira. Mkokomo anavula sokosi imodzi, naiyanika pa sikelo yoyezera makanda, nagona chagada, manja pamimba, nayamba kung'ung'udza kanyimbo kake kozuna kaja.

Dokotala anavula magalasi, nawaika patebulo pang'onopang'ono. Anakoka mpweya.

"Ndati tulukani!"

Mawuwo sanachokere pakhosi. Anachokera pansi penipeni pa mimba, akukhukhuluza ngati lole yotsitsa miyala. Tizitsulo ta m'mbale tinachita gwedegwede. Chithunzi cha mafupa a munthu chinagwa kuchokera pakhoma. Kunja mwana anasiya kulira, wogogoda anasiya kugogoda, ndipo patali ndithu galu wina anayankha.

Mkokomo anadzuka pang'onopang'ono, sokosi ina ikadali kuphazi, misozi ili lengelenge.

"Adokotala," ananong'ona, "zimenezi munazibisa kuti?"

Dokotala anakonza kolala ya gauni lake loyera, navala magalasi. "Pepani. Sindichita zotere. Ndili ndi anyamata atatu kunyumba, basi."

"Mungabwereze?"

"Ayi."

"Ngakhale theka lake? Ine ndiima kumbuyo, ndizingoyankhira ndi timawu tangati. Anthu a filimu akagwa pamipando."

"Bambo, ine ndine dokotala. Ndili ndi ulemu wanga. Tengani sokosi yanu pasikelopo."

Mkokomo anatola sokosi, nanyamula nsapato m'manja, nalunjika kukhomo mutu uli pansi, matcheni akulira mwachisoni. Atagwira chitseko, anamva dokotala akukonza kukhosi kumbuyo kwake.

"Filimuyo, bambo, idzaonetsedwa m'dziko lonse?"

"Akuti mpaka kunja."

Dokotala anadziyang'ana pagalasi la kabati ya mankhwala, nasalaza tsitsi ndi dzanja.

"Mawa ndiweruka masana. Koma pachikwangwani dzina langa likhale pamwamba pa lanu."