Makalata Makumi Anayi

"Ndiye mukuti woweruza sanalakwe?" anafunsa mtsikanayo, atakumbatira envulopu yonenepa. Iye ndi bambo wachipewa, osadziwana, ankadikira basi pa siteji yoyang'anizana ndi khoti.

"Sanalakwe, mwanangu. Wati bwenzi lako akuliganizira kuti linalemba kalata yoopseza abwana ake?"

"Eya. Katswiri wa boma waona zolemba zake tsiku limodzi lokha, amulola kulankhula. Ine ndili ndi makalata ake achikondi makumi anayi, akuti sindine katswiri!"

"Katswiriyo anaphunzira ntchitoyo, ndipo wafotokoza mmene anayezera. Iwe unayeza ndi chiyani?"

"Ndi mtima."

"Mtima ulibe satifiketi. Komanso katswiri sakhala ndi mbali. Iwe mbali yako ikuonekera patali ngati galimoto yaukwati."

"Musandiseke, bambo."

"Sindikuseka. Ukauze loya wa bwenzi lakolo akuitane ngati mboni wamba, yodziwa kalembedwe kake. Ukatswiri ukuufuniranji?"

Mtsikanayo anasalaza ngodya ya envulopu ija ndi chala.

"Ukatswiriwo atenge. Abale ake onse sakubwera kukhoti. Ine ndimangofuna ndiime kutsogolo kuja, andione kuti sindinamuthawe."