Aliyense ndi Miyendo Yake

Pamzere wogula nsomba mumsika wa ku Miyako, ku Japan, amayi awiri osadziwana ankakamba za chivomezi cha dzulo lake. Wamkuluyo ndiye anali ndi nkhani.

"Foni itangolira kuti madzi akubwera, ine liwiro! Miyendo yakale yomweyi, ndinapitirira anyamata a sukulu pachitunda."

"Inuyo mayi? Nanga bambo akunyumba?"

"A Shigeji? Ndinawasiya m'bafa, sopo ali kumutu."

"Aa, mulibe chisoni inu. Amuna anuanu osawadikira?"

"Ndinu achilendo kuno eti?"

"Ndangobwera kumene, kwathu ndi ku Nagano."

"N'chifukwa chake. Kwanu kumapiri nthaka ikagwedezeka mumangotola mbale zosweka. Kuno pansi pa nyanja pakasuntha, madzi onse aja amanyamuka, ndipo sadikira kuti munthu avale nsapato. Aliyense ndi miyendo yake, tikaonana pamwamba."

"Ndiye munaonana?"

"Anafika atavala malaya anga, thovu lili m'makutu. Anthu kuseka mpaka misozi! Madziwo sanabwere n'komwe, koma ndinawagulira mowa powathokoza kuti sanataye nthawi kundifunafuna."

"Ine sindingathe. Ndingabwerere ndithu."

"Mayi anga ankateronso. Chaka cha madzi aakulu chija anabwerera kunyumba kukatenga bambo."

"Anawapeza?"

"Bambo anali atafika kale pachitunda, akuyang'ana kunjira, koma mayi sanatulukirenso. Mpaka lero mpando wawo amauika moyang'ana njira yomweyo. Sunthani achemwali, mzere wayenda."