A Anubioni ndi Funso la Ng'ona

Malemu anabadwa pa 6 mwezi wa Tibi, chaka chimene mtsinje wa Nailo unakana kusefukira. Ine Tekosi, azakhali awo, ndinawalandira ndi manja awa. Inu mumati aphunzitsi Anubioni, koma mamina ndinkawapukuta ndine.

Atasinkhuka anapita ku Alekisandiriya kukaphunzira Chigiriki. Anabwerako atabatizidwa, atatenganso matenda a mafunso. Ukati Mulungu ndi mmodzi, iwo ankafunsa kuti nanga Mwanayo timuika pati. Ankati chiphunzitso chili ngati ukonde, ulusi umodzi ukaduka nsomba zonse zapita.

Chaka cha dzombe anakwatira mayi Terimuti, munthu wopirira, amene ankadya nyemba zozizira podikira kuti amuna awo amalize kuyanjanitsa malemba a Mose ndi a Paulo.

Chaka chotsatira ng'ona inandilanda amuna anga, a Pamuni, padooko. Sitinapeze ngakhale chala. Anansi olambira milungu yakale ankandinong'oneza kuti munthu wosakulungidwa m'nsalu zamaliro alibe moyo kutsidya. Ndinakafunsa malemu pamaso pa ophunzira awo kuti tsiku louka akufa amuna anga adzatulukira kuti, kukamwa kwa ng'ona kapena kwinako. Anthu anafa ndi phwete. Inenso ndinaseka, koma mano okha. Malemu sanaseke. Anavomera kuti sakudziwa, ndipo sangandipatse chigamba chosagwirizana ndi nsalu yonse.

Anaphunzitsa mpaka imvi, funso langa ali nalo. Mwezi wathawu wa Hatiri chifuwa chinawagwetsa, ndipo anandiitanitsa. Anati nthawi yonseyi ankayambira kumanda, pomwe poyambira pake ndi pa chilengedwe. Amene anapanga a Pamuni popanda kanthu sangalephere kuwatola m'mimba mwa ng'ona yomwe anaipanganso yekha. Ndinawakalipira kuti mwana iwe, zaka zonsezi, yankho lake kufupika chonchi? Anaseka mpaka kutsamwa. Lachitatu lapitali anatisiya.

Asiya mayi Terimuti, ana atatu, zidzukulu zosamva, ine, ndi ophunzira odya ngati ankhondo. Tikuthokoza amayi amene mwaphika mikate, ndi abale a mpingo amene mwasambitsa thupi ndi kulikulunga bwino chonchi.

Usani mumtendere, a Anubioni. Mukawapeza a Pamuni muwauze kuti ndinasiya kulira, ndili m'njira, ndipo zala zawo ndidzaziwerenga zonse.