Mbama ya Enoch Daka m'Buku la Atsamunda

A Jethro Daka a ku Madzimoyo, mkulu amene akati mwala ndi nyama ungovomera basi, analowa m'chipinda chosungiramo mabuku akale a boma ku Chipata Lachinayi m'mawa, atavala jekete la kutchalitchi. Loweruka banja likavundukula mwala wa pamanda a atate awo, ndipo iwo ankafuna pepala lodinda sitampa loti akatseke nalo pakamwa achibale amene anayamba kunong'ona kuti mawu okalembedwa pamwalapo ndi bodza.

Kuseri kwa tebulo kunali Fainess Njobvu, wosunga mabukuwo, mayi woti ukamufunsa nthawi amakuuza ndi masekondi omwe.

"Mwananga, nditulutsireni buku lonena kuti atate anga anamenya mzungu."

"Tilibe buku la dzina limenelo, bambo."

"Iii! Sindikunena dzina la buku! Enoch Daka, mesenjala wa Bwana DC, 1954. Anamuwomba mzungu mbama, phaa! Anthu akuona. Madzimoyo yonse imadziwa."

"Madzimoyo yonse sili pashelefu. Dikirani ndione ngati a Enoch alipo."

Anabwera ndi buku la maulendo a DC, lofiirira, chiswe chitalawako m'mphepete. A Jethro ananyambita chala kuti atsegule.

"Musanyowetse chala, bambo."

"Ndi atate anga awa!"

"Ndi katundu wa boma." Fainess anatsegula yekha, nayamba kumasulira Chizungucho pang'onopang'ono. "'Pa 6 Ogasiti, tili pa ulendo ku Malambo, mesenjala Enoch anandimenya patsaya lamanzere...'"

"Ehee! Imani pompo! Dindani sitampa!"

"Sindinamalize."

"Chatsala n'chiyani? Munthu wamenyedwa kale!"

"'...pofuna kupha ntchentche ya kashembe imene inatera pamenepo, ija yopatsa matenda a kaodzera. Ndi mesenjala wachangu. Ndamuthokoza ndipo ndamupatsa bulangete.'"

A Jethro anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, ngati kuti vuto linali magalasiwo.

"Mwawerenga Enoch wina."

"Enoch Daka, wa ku Madzimoyo, wamtali, dzino limodzi lakutsogolo palibe."

"Dzinolo ndi lawo," anatero a Jethro monyinyirika. "Koma bulangetelo ndi la m'ndende! Lili m'sutikesi mwanga mpaka lero. Adzukulu amaligwira akamapita kukalemba mayeso!"

"Amakhoza?"

"Zimenezo si zanu! Atate anakhala kundende zaka zitatu. Fufuzani!"

Fainess anatembenuza masamba. "Zoona. Zaka zitatu."

"Mwaona?"

"Anawakweza pantchito n'kuwapatsa makiyi a ndendeyo."

"Mayo ine! Koma ankagona mkati?"

"Pakhomo. Pampando."

A Jethro anayang'ana kuchitseko, kenaka anaweramira patebulo n'kutsitsa mawu. "Tamverani, mayi. Pindani tsambalo. Mujambule theka lakumwamba lokha, pathere poti 'lamanzere'."

"Mabuku awa sapindidwa. Ndipo makina amajambula tsamba lonse."

"Phimbani pansipo ndi dzanja."

"Lidzatuluka dzanja langa, bambo. Achibale anu adzati ndine ndinamenya mzungu."

"Nanga chiswe chimenechi! Buku lonseli, chinalephera kudya pa ntchentche pokhapa?"

"Chinadya mitengo ya chimanga ya 1953."

Foni inalira m'thumba la jekete. Anali Petulo, wosema miyala ya pamanda, ndipo mawu ake ankamveka chipinda chonse.

"A Daka, tchizulo chili m'manja. Ndilembe kuti ANAMENYA MTSAMUNDA? Paja ndikasema sizifufutika."

"Dikira kaye, Petulo."

"Loweruka ndi mkuja, bambo."

"Ndati dikira!"

A Jethro anakhala pabenchi. Zaka makumi anayi akhala akufotokoza nkhaniyi pamaliro, paukwati, ngakhale kusukulu pa tsiku la ufulu, ana akuwomba m'manja. Ngakhale mkazi anamukwatira ndi nkhani yomweyi. Manyazi anawagwira, komanso chisoni ndithu, chifukwa atate awo ankawakonda.

"Ndiye kuti atate anga anali opha ntchentche basi."

"Apa sanalembe kuti anaipha."

"Mwati bwanji?"

"Alemba kuti ntchentcheyo inathawa."

"Ha! Ndi ntchentche yomwe anaiphonya! Tsekani buku lanu, mwananga, musandiphe."

"Sindingatseke. Munapempha zonse za Enoch Daka, ndipo mwasayina. Zatsala zina."

"Zinanso?"

"'Pa 9 Ogasiti, Enoch anaona kashembe patsaya langa lamanja. Anamenya mwamphamvu. Ntchentche inathawa. Ndamuthokoza.'"

"Kuphonyanso!"

"'Pa 15 Ogasiti, ndinakalipira amtengatenga chifukwa chogwetsa bafa langa. Pasanapite nthawi Enoch anaona kashembe pamphuno panga. Inathawa. Ndamuthokoza magazi atasiya kutuluka.'"

A Jethro anadzutsa mutu. "Atakalipira amtengatenga?"

"Ndi momwe alembera. 'Pa 2 Seputembala, mu ofesi yanga ku Fort Jameson...'"

"Kuti?"

"Ndi dzina lakale la Chipata."

"Ndikudziwa, ndinabadwa inu kulibe! Kashembe m'tauni muno? Mu ofesi? Mayi, ine ndine mlimi. Kukakhala kashembe ng'ombe zimafa. Nanga ng'ombe za Angoni zonsezi zinkakhala bwanji?"

"Za ng'ombe sindidziwa, bambo. Ine ndikuwerenga za tsaya."

"Werengani! Tsiku limenelo mzunguyo anali atachita chiyani?"

"Anathamangitsa amayi ogulitsa masamba pafupi ndi boma."

"Ndiye ntchentche inabwera?"

"Pakhosi."

"Inathawa?"

"Inathawa."

A Jethro anaimirira pang'onopang'ono. "Pitirizani, mwananga. Musadumphe ngakhale mzere umodzi."

"Ine sindidumpha."

"Ndaona kale zimenezo!"

Fainess anawerenga. Ntchentche ija inatera pakhutu, inatera pachipumi, tsiku lina inatera kawiri chakudya cha masana chisanafike. Iye ankangochonga ndi pensulo papepala lapadera, nkhope ili gwa, pamene a Jethro anali atayamba kupondaponda pansi ngati kwalira ingoma.

"Zonse pamodzi, mbama khumi ndi zinayi."

"Ntchentche zakufa?"

"Palibe."

"Ngakhale imodzi?"

"Ngakhale phiko. Pali mawu omaliza. 'Dokotala wa ziweto akuti kuno kulibe kashembe. Ndamuuza kuti kulibe chifukwa Enoch amakhala tcheru.'"

A Jethro anaseka mpaka misozi, anatsokomola, anapukuta maso ndi tayi. "Atate! Aaa, atate inu! Munandiuza imodzi yokha bwanji?"

"Mwina zinazo sanaziwerengere. Ndijambule theka lija?"

"Theka la chiyani? Jambulani zonse! Ndi chiswe chomwe!" Anatulutsa foni, zala zikuphonya mabatani. "Petulo! Sema! Koma uwonjezere: KAKHUMI NDI KANAYI. Zilembo zikuluzikulu, achibale anga ena saona bwino!"

Fainess anakweza chala. "Bambo, mwalawo usowa mzere umodzi. Ngati mukulemba za m'buku, lembani monga zilili."

"Iii, mayi inu! Chatsalanso n'chiyani?"

Fainess anadinda sitampa, dii! Ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, kukamwa kwake kunapindika pang'ono.

"Muwauze a Petulo alembe pansi pake kuti: NDIPO MTSAMUNDAYO ANKATHOKOZA."