Mbiri ya Malemu Fyson Chavula ndi Bowo la Chigayo cha ku Katoto

Malemu Bambo Fyson Macpherson Chavula anabadwa pa 9 Ogasiti 1960 ku Bolero, m'boma la Rumphi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndikuwerenga ndine Pilirani Kachale wa ku Ntchisi, ndipo ndinagwira ntchito pansi pa malemu zaka zitatu. Akubanja andilola kuwerenga m'Chichewa, popeza Chitumbuka changa ndi chija malemu ankachiseka.

Malemu anaphunzira pulayimale kwawo ku Bolero, sekondale analekeza Fomu 2, kenaka anapita kusukulu ya ntchito zamanja kumene anaphunzira kusema zitsulo pamakina. Mu 1986 anamanga banja ndi Mayi Lenia NyaMsiska a ku Ekwendeni, nakhazikika ku Salisbury Lines kuno ku Mzuzu.

Mu 1989 anayamba ntchito ku Luwinga, pamalo osemera zitsulo a Bambo Boniface Kayira, amene ali nafe pano. Anagwira zaka 32, zambiri mwa izo ali foromani. Luso lawo lalikulu linali mabowo. Amene simuli a ntchitoyi mundilole ndifotokoze pang'ono, chifukwa zikukhudza zimene zikubwerazi. Bowo la chitsulo limayamba ndi choboolera, n'kumalizidwa ndi chida chotchedwa rima, chimene chimalisalaza kuti pini ilowe ndendende. Malemu ankatiphunzitsa kuti rima sasankha njira, amangotsata bowo limene walipeza. Choboolera chikapatuka, uyenera kuyeza, kuwongola bowolo ndi mpeni wa makina, kenaka n'kulowetsa rima, ndipo chitsulo usachimasule mpaka zonse zitatha. Ine ankanditchula kuti a Koleji, popeza ndinali nditangochokera kukoleji. Akaona ndikufulumira ankati, "A Koleji, chitsulo chikuthawira kuti? Yezani kaye, dada."

Malemu anali mkulu wa mpingo wa CCAP kwa zaka 19, ndipo ankayimba besi mukwaya ya abambo.

Tsopano ndafika pandime imene mbiri zambiri zimadumpha. Ambiri mukudziwa kuti mu 2021 malemu anachotsedwa ntchito. Chigayo china ku Katoto, chimene zitsulo zake zinakonzedwa kuntchito kwathu, chinagwira sabata imodzi chikunjenjemera, kenaka pini yogwira nyundo zake inaduka. Chidutswa chinavulaza Bambo Elton Gondwe amene ankagayitsa, ndipo dzanja lawo lamanja silipinda mpaka lero. Atayeza anapeza kuti bowo limodzi linali litapatuka ndi theka la milimita. Malemu anauza a Kayira kuti analiboola ndi iwo. Kuyambira pamenepo m'tauni muno munamveka kuti maso a a Chavula anatha kale koma ankangokakamira ntchito.

Bowo limenelo sanaboole ndi malemu. Ndinaboola ndine.

Linali Lachisanu, iwo atapita kumsonkhano wa akulu a mpingo. Magetsi anazima ndili pakati pa ntchito, ndipo ndinamasula chitsulocho. Atayaka ndinachimanganso osayeza. Ndinaona ndi maso anga kuti choboolera chapatuka, koma mwini chigayo anali atayima pakhomo, ndipo ndinadziuza kuti rima alikoka bowolo libwerere m'malo mwake. Linatuluka losalala, lowala, pini n'kulowa bwinobwino. Lolemba malemu anandifunsa ngati ndinayeza. Ndinati inde.

Ngozi itachitika ndinawaululira. Anapukuta manja pansanza, kenaka anati, "Foromani ndine, ndinayenera kuyeza ndekha. Dzina langa lagwira kale ntchito yake, lanu silinayambe n'komwe. Mukhale chete pamene ine ndili moyo." Ndinamvera, koma sindikunena kuti kunali kumvera kokha. Ndinali ndi mantha.

Zaka zitatu zotsiriza malemu ankakonza mawilibala ndi njinga za kabaza pakhonde la nyumba ino. Ndikabwera kudzawaona sankatchula za chigayo. Ankangofunsa kuti, "Mukuyeza, a Koleji?" Ndikayankha, ankati, "Yewo chomene."

Anayamba kudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi mu 2023. Anagonekedwa ku Mzuzu Central Hospital pa 2 Juni, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 11 Juni 2024, ali ndi zaka 63.

Dzulo masana ndinawauza zonsezi Mayi NyaMsiska, ndipo ndinapempha kuti ngati afuna, ndimeyi ndiichotse. Anati, "Bambo anu ananama kamodzi kokha pamoyo wawo. Musawayike nalo m'manda bodza limenelo. Kawerengeni."

Choncho, a Gondwe, ndakuonani mwakhala kumbuyoko: amene anakupundulani dzanja ndine, ndipo ndidzabwera kwanu maliro akatha ngati mudzandilola kulowa. A Kayira, Lolemba ndidzafika nthawi ya masiku onse, ndipo chimene mudzagamule ndidzachilandira. Pempho langa ndi limodzi. Kuntchito, kumsika, kudepoti, paliponse pamene panamveka kuti maso a a Chavula anatha, pamveke kuti m'zaka 32 palibe bowo lawo limene linapatuka.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Lenia NyaMsiska, ana atatu, Daisy, Brave ndi Wiza, zidzukulu zisanu, mlongo wawo mmodzi, Mayi Marjorie NyaChavula a ku Bolero, ndi mng'ono wawo, Bambo Foster Chavula.

Dada Chavula, ndinakhala chete pamene munali moyo, monga munandiuzira. Lero ndakubwezerani dzina lanu.

Mzimu wawo uwuse, apumule mu mtendere.